Mmene Mungatsutsirane Mwanzeru pa Kaphunzitsidwe ka Mbiri ya Britain ndi Mbiri ya Anthu Akuda

Kuyambira mu June 2020, pamene anthu ochita zionetsero mumzinda wa Bristol anagwetsa chiboliboli cha Edward Colston, munthu amene analemera ndi malonda a akapolo, n'kukachiponya m'madzi padoko, makolo, aphunzitsi ndi ophunzira ambiri ku Britain akhala akukangana pa zimene ana ayenera kuphunzira m'kalasi ya mbiri yakale. Mkanganowu ndi wakale ndithu, koma chaka chimenecho unalowa m'misonkhano ya makolo, m'mabungwe oyang'anira sukulu mpaka m'Nyumba ya Malamulo. Ngati mukufuna kuikapo mlomo, kaya ndinu kholo, mphunzitsi kapena wophunzira amene wapatsidwa mbali pa mpikisano wa mtsutso, dziwani kuti ambiri amagwa asanayambe n'komwe kulankhula, chifukwa amavomera funso limene lawaikira mbiri ziwiri kuti asankhepo imodzi. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti mbiri ya anthu akuda ili m'kati mwa mbiri ya Britain, ndipo ntchito ya wotsutsa wabwino ndi kuonetsa zimenezi ndi umboni woti aliyense angathe kukaufufuza payekha.

Musanapite kumsonkhano, dziwani kaye dera limene mukunena. England, Wales, Scotland ndi Northern Ireland ali ndi ndondomeko za maphunziro zosiyana, ndipo munthu akangonena kuti sukulu za ku Britain siziphunzitsa zakutizakuti, amene akudziwa za nkhaniyi amaona nthawi yomweyo kuti mnzathuyu sanakonzekere. Ku Wales boma linalamula kuti mbiri ya anthu akuda, anthu ochokera ku Asia ndi mitundu ina ya anthu ochepa iziphunzitsidwa m'sukulu zonse, ndipo lamuloli linayamba kugwira ntchito limodzi ndi ndondomeko yatsopano mu September 2022, potsatira lipoti la gulu limene analitsogolera Pulofesa Charlotte Williams. Mkangano waukulu watsalira ku England, ndipo malangizo ambiri amene ndipereke pano akukhudza kumeneko.

Kenako werengani chikalata chenichenicho. Ndondomeko ya maphunziro ya dziko lonse inayamba ndi lamulo la 1988, ndipo mbali ya mbiri yakale inakonzedwanso mu 2013, nthawi imene Michael Gove anali nduna ya zamaphunziro, n'kuyamba kuphunzitsidwa mu September 2014. Chikalatachi ndi chachifupi, chili pa intaneti, ndipo mungathe kuchimaliza mutakhala pansi kamodzi. Powerengapo muyang'anitsitse kusiyana kwa zimene lamulo likukakamiza ndi zimene zaikidwa ngati zitsanzo chabe, chifukwa mtsutso wonse wagona pamenepo. Pa gawo la ana aang'ono mupeza maina a Mary Seacole, mayi wa ku Jamaica amene anasamalira asilikali kunkhondo, ndi Rosa Parks, mayi wa ku America amene analimbana ndi tsankho, koma ali m'gulu la zitsanzo zimene mphunzitsi angasankhe kapena kuzisiya. Pa gawo la ana a zaka 7 mpaka 11 sukulu iyenera kuphunzitsa za mtundu umodzi wa kunja kwa Ulaya, ndipo ufumu wa Benin wa kumadzulo kwa Africa uli pamodzi ndi Baghdad ndi Amaya, mtundu wakale wa ku Central America, pa zoti sukulu isankhepo. Pa gawo la ana a zaka 11 mpaka 14, malonda a akapolo a panyanja ya Atlantic ndi kuthetsedwa kwake zalembedwa ngati chitsanzo, pamene kuphedwa kwa Ayuda mu ulamuliro wa Nazi ndi nkhani imene yatchulidwa mwachindunji kuti iphunzitsidwe basi.

Mukadziwa zimenezi mupewa mabodza awiri amene amamveka kawirikawiri. Loyamba ndi lakuti boma limaletsa kuphunzitsa mbiri ya anthu akuda, zimene sizoona, chifukwa khomo ndi lotsekula. Lachiwiri ndi lakuti palibe vuto lililonse popeza mainawo alembedwa kale m'chikalata, zimenenso sizoona, chifukwa mwana angathe kumaliza sukulu osamvapo za nkhanizi ndipo sukuluyo osaphwanya lamulo lililonse. Onjezaninso mfundo yakuti phunziro la mbiri yakale ndi lokakamiza mpaka zaka 14 zokha. Kupitirira apo mwana amasankha yekha ngati alembe mayeso a phunziroli a GCSE, amene ana amalemba ali ndi zaka pafupifupi 16, kapena ayi, choncho zimene sanazimve asanafike zaka 14, mwina sadzazimvanso m'kalasi.

Izi zikutanthauza kuti amene ali ndi mphamvu zenizeni si nduna ya ku London yokha. Mphamvu zambiri zili m'manja mwa mkulu wa aphunzitsi a mbiri yakale pasukulupo, amene amagawa mitu pa chaka chonse, komanso mphunzitsi wamkulu ndi bungwe loyang'anira sukulu. Sukulu zotchedwa academy, zimene ndi zambiri pakati pa sukulu za sekondale ku England, kwa zaka zambiri sizinkakakamizidwa kutsatira ndondomeko ya dziko lonse, choncho funsani kuti sukulu yanu ndi ya mtundu uti. Pa mayeso a GCSE, mabungwe olembetsa mayeso monga AQA, OCR ndi Edexcel ali ndi mitu ya anthu amene anasamukira ku Britain kwa zaka mazana ambiri, koma sukulu ndi imene imasankha mutu woti ana ake alembe. Pemphani silabasi ya sukuluyo mwaulemu musanadandaule chilichonse. Nthawi zina mupeza kuti aphunzitsi anayamba kale kusintha zinthu, ndipo kuwaimba mlandu wa chinthu chimene akulimbana nacho kale ndi njira yachangu yotayira anthu amene akanakhala kumbali yanu.

Pofika pamtsutso penipeni, bwerani ndi phunziro m'manja, musabwere ndi dandaulo lokha. Iyi ndi mbali imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, ndipo ndi imene anthu ambiri amaidumpha. Tengani mutu umene sukulu iliyonse imaphunzitsa kale, muonetse pamene anthu akuda ali m'kati mwa mutuwo. Pafupifupi mwana aliyense ku England amaphunzira za mafumu a banja la Tudor. Pa mpukutu wa zithunzi wa mpikisano wa ankhondo okwera pamahatchi umene unachitika ku Westminster mu 1511, pokondwerera kubadwa kwa mwana wamwamuna wa Henry VIII, pali mzere wa oimba malipenga, ndipo pakati pawo pali munthu wakuda atavala nduwira kumutu pamene anzake ali ndi mitu yosavala. Dzina lake ndi John Blanke. Anagwira ntchito kunyumba yachifumu kuyambira nthawi ya Henry VII, ndipo kalata imene analembera Henry VIII yopempha kuti amukwezere malipiro idakalipo mpaka lero. Mfumu inavomera, malipiro ake anakwera kuchoka pa mapeni 8 kufika pa mapeni 16 patsiku. Mukaika chithunzi chimenechi patebulo, palibe amene anganene kuti mwabweretsa mbiri yachilendo, popeza ndi mbiri ya Henry VIII yomweyo imene ana akuphunzira kale, ndipo mphunzitsi angathe kugwiritsa ntchito kalatayo pophunzitsa ana mmene umboni wakale umawerengedwera.

Chitsanzo china champhamvu ndi cha thonje. Ana amaphunzira za mafakitale a ku Manchester ndi dera lonse la Lancashire, za makina opota ulusi ndi za ana amene ankagwira ntchito maola ambiri m'fumbi la thonje. Funso loti mufunse ndi losavuta: kodi thonjelo linkachokera kuti? Gawo lalikulu linkalimidwa ndi akapolo kumwera kwa United States, ndipo nkhondo yapachiweniweni ya kumeneko itayamba mu 1861, thonje linasowa, mafakitale anaima, mabanja a ku Lancashire anagona ndi njala. Ngakhale zinali choncho, kumapeto kwa 1862 antchito a ku Manchester anasonkhana n'kulembera Abraham Lincoln, pulezidenti wa United States, kalata yogwirizana ndi kuthetsa ukapolo. Phunziro la mafakitale limene silitchula kumene thonje linkachokera ndi loperewera pa mfundo za mbiri zenizeni, ndipo mfundo imeneyi ingamveke ngakhale kwa munthu amene safuna kumva za tsankho. Onaninso kuti nkhaniyi ikupatsa mwana wa mzungu wosauka wa ku Lancashire malo ake aulemu, zimene zimafewetsa mitima ya makolo amene amaopa kuti makolo awo akale akufufutidwa.

Nkhani ya kuthetsedwa kwa ukapolo ndi imene imautsa mkwiyo kwambiri, choncho ikonzekereni mosamala ndipo muinene yonse. Zombo za ku Britain zinanyamula Aafirika oposa 3 miliyoni kupita nawo kutsidya kwa Atlantic. Nyumba ya Malamulo inaletsa malondawa mu 1807, ndipo mu 1833 inapanga lamulo lothetsa ukapolo m'madera ambiri a ufumu wake. Amene akutsutsana nanu adzatchula William Wilberforce ndi Thomas Clarkson, azungu amene analimbana ndi malonda a akapolo, komanso zombo zankhondo za Britain zimene kuyambira mu 1808 zinkalondera gombe la kumadzulo kwa Africa kugwira ogulitsa akapolo. Vomerani, chifukwa zimenezo ndi zoona ndipo ziyenera kuphunzitsidwa. Mukavomera, onjezani zimene zatsala. Olaudah Equiano, amene anali kapolo, anasindikiza mbiri ya moyo wake mu 1789 ndipo anayenda m'mizinda yambiri akulankhula motsutsa malondawa. Ku Jamaica, akapolo motsogozedwa ndi Samuel Sharpe anaukira kumapeto kwa 1831, ndipo kuukirako kunafulumizitsa lamulo la 1833. Boma linapereka mapaundi 20 miliyoni a chipukuta misozi kwa eni akapolo, akapolowo osalandira kanthu, ndipo ambiri anakakamizidwa kupitiriza kugwirira ntchito ambuye awo akale mpaka 1838. Yunivesite ya University College London inasonkhanitsa pa intaneti maina a anthu amene analandira ndalamazo, ndi kumene ankakhala. Fufuzani tauni imene kuli sukulu yanu musanapite kumsonkhano. Dzina la msewu kapena la nyumba yaikulu imene aliyense m'chipindamo amaidziwa limagwira mtima kuposa mawu okuluwika alionse.

Tsopano mvetserani mbali inayo, ndipo muiyankhe pa mfundo zake zamphamvu, osati pa zofooka zake. Mfundo yoyamba, imene aphunzitsi eni ake amainena kwambiri, ndi ya nthawi. Maola a phunziroli pa sabata ndi ochepa, ndipo chilichonse chimene chalowa chimatulutsa china. Musanyoze mfundoyi. Yankho loona ndi lakuti zambiri zimene mukupempha zikulowa m'mitu imene ilipo kale, monga ndaonetsera pa John Blanke ndi thonje, ndipo ngati mukupempha mutu watsopano, khalani okonzeka kunena umene uyenera kufupikitsidwa. Mfundo yachiwiri ndi yakuti ana afunika kudziwa ndondomeko ya zochitika za dziko lawo kuyambira kale mpaka lero, kuti asamangodumphadumpha. Imeneyi ndiyo inali mtima wa kusintha kwa 2013, ndipo ine ndimaiona kuti ili ndi nzeru. Koma ndondomeko yomweyo ndi imene ikukuthandizani, popeza Aafirika akupezeka m'nthawi ya Aroma, m'nthawi ya a Tudor, pa mlandu wa 1772 wa James Somerset, kapolo amene khoti linamumasula ku London, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse pamene Walter Tull, katswiri wa mpira wa Tottenham ndi Northampton, anakhala mtsogoleri wa asilikali n'kufera kunkhondo mu 1918, mpaka kufika kwa chombo cha Empire Windrush padoko la Tilbury mu June 1948, chitanyamula anthu ochokera ku Caribbean.

Mfundo yachitatu ndi ya mantha akuti ana achizungu aphunzitsidwa kudzida ndi kuda dziko lawo. Apa lankhulani mofatsa, chifukwa amene akunena izi nthawi zambiri ndi kholo limene likuganizira mwana wake, monga mmene inunso mukuganizira wanu. Nenani poyera kuti mwana wa zaka 12 alibe mlandu wa zimene zinachitika zaka 200 zapitazo, ndipo mphunzitsi amene angamusenzetse mlandu wotero walakwitsa ntchito yake. Nenaninso kuti mwana wakuda amene amaona anthu a mtundu wake m'buku pokhapokha atamangidwa maunyolo, naye akusenza katundu amene si wake. Palinso mbali ya lamulo. Lamulo la zamaphunziro la 1996 limaletsa sukulu kulimbikitsa maganizo a chipani cha ndale ndipo limafuna kuti pa nkhani zandale mbali zotsutsana ziperekedwe mosakondera. Mu October 2020 Kemi Badenoch, amene panthawiyo anali nduna yoona za kusasiyana pakati pa anthu, anakumbutsa Nyumba ya Malamulo za lamuloli, ndipo mu 2022 unduna wa zamaphunziro unatulutsa malangizo pa nkhani yomweyi. Siyanitsani zinthu ziwiri. Kuti eni akapolo analipidwa ndi mbiri, ndipo palibe mbali ina yoti iperekedwe. Kuti Britain lero ilipire mbadwa za akapolo ndi nkhani yandale, ndipo pamenepo mphunzitsi ayenera kupereka mbali zonse. Mukasiyanitsa chonchi nokha, mnzanuyo asanakukakamizeni, anthu amayamba kukukhulupirirani.

Samalani kwambiri ndi umboni wa mbali yanu yomwe, chifukwa mfundo imodzi yokokomezedwa imagwetsa mfundo khumi zoona. Mfumu ya Aroma Septimius Severus inabadwira ku Leptis Magna, m'dziko limene lero ndi Libya, ndipo inafera ku York mu 211. Kunena kuti anali wa ku Africa ndi zoona, koma kumutcha munthu wakuda monga mmene anthu amaganizira lero ndi kupitirira pamene umboni walekezera. Equiano analemba kuti anabadwira kumadzulo kwa Africa, koma zolembedwa za ubatizo wake zimatchula Carolina, ku America, ndipo akatswiri akukanganabe. Mary Seacole, mayi wa ku Jamaica amene anapita ku nkhondo ya ku Crimea ndi ndalama zake, sankayendetsa chipatala monga namwino wotchuka Florence Nightingale. Anatsegula malo otchedwa British Hotel pafupi ndi Balaclava kumene ankagulitsa zakudya ndi kusamalira asilikali odwala ndi ovulala. Kunena zoona za anthuwa sikuchepetsa ulemu wawo, ndipo mikangano ya akatswiriyi ndi imene imakometsa phunziro la mbiri, chifukwa ana amaphunzira kuyeza umboni.

Pewaninso kubwereka mbiri ya ku America ngati kuti ndi ya Britain. Ana ambiri a ku England amadziwa za Rosa Parks ndi Martin Luther King, koma sadziwa kuti mu 1963 anthu a ku Bristol ananyanyala mabasi kwa miyezi inayi chifukwa kampani ya mabasi inkakana kulemba anthu akuda ndi a ku Asia ntchito yoyendetsa mabasi ndi yodula matikiti. Paul Stephenson anali mneneri wa onyanyalawo, kampaniyo inagonja mu August chaka chomwecho, ndipo patapita zaka ziwiri Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loyamba loletsa tsankho la mtundu, la 1965. Kuphunzitsa za ku America zokha kumapatsa ana chithunzi chakuti tsankho linali vuto la anthu akutali, ndipo kumabisa anthu a ku Britain amene analimbana nalo pakhomo pawo.

Mudzafunsidwa za mwezi wa October, umene ku Britain ndi mwezi wokumbukira mbiri ya anthu akuda kuyambira mu 1987, pamene Akyaaba Addai-Sebo, wochokera ku Ghana, anathandiza kuukhazikitsa ku London. Ena adzati mweziwo ndi wokwanira, ena adzati uthetsedwe. Ine sindiona chifukwa choutayira, koma sukulu imene imapachika zithunzi m'khonde mu October n'kuzitsitsa mu November, silabasi osasintha, sinayankhe funso limene mukufunsa. Bwezerani mtsutso ku silabasi.

Wina akafunsa kuti zonsezi n'zaphindu lanji, musayankhe ndi mkwiyo, yankhani ndi zimene mabungwe a boma lomwelo ananena. Lipoti la Macpherson la 1999, limene linatsatira kuphedwa kwa Stephen Lawrence, mnyamata wakuda wa ku London, mu 1993, linalangiza kuti ndondomeko ya maphunziro iunikidwenso kuti izilemekeza kusiyana kwa zikhalidwe ndi kuthana ndi tsankho. Mu 2018 zinadziwika kuti anthu amene anabwera kuchokera ku Caribbean ali ana, movomerezeka ndi lamulo, anachotsedwa ntchito, anamanidwa chithandizo, ena anatsekeredwa ndipo ena anathamangitsidwa m'dziko. Wendy Williams, amene anafufuza nkhaniyi n'kutulutsa lipoti mu March 2020, anapeza kuti kusadziwa mbiri ya ufumu wa Britain ndi ya anthu osamukira kumeneko pakati pa ogwira ntchito ku unduna wa zam'dziko kunathandizira kuti nkhanzazi zichitike, ndipo analangiza kuti aphunzitsidwe mbiriyo. Apa ndi pamene anthu amaona kuti kusadziwa mbiri kunapweteka anthu amoyo, agogo a ana amene ali m'makalasi lero.

Patsiku la msonkhano, sankhani zitsanzo ziwiri kapena zitatu zokha, muzidziwe bwino, zina zonse muzisunge kuti muyankhire mafunso. Musatche munthu watsankho chifukwa wafunsa za nthawi kapena za mayeso, ndipo ngati wina wakutchani wodana ndi Britain, musabwezere, ingobwererani ku chikalata ndi ku umboni. Ngati pali ana m'chipindamo, musaloze mwana wakuda kuti alankhulire mtundu wake wonse, ndipo musalole kuti wina amuchite zimenezo. Polankhula ndi aphunzitsi, apatseni ulemu wa ntchito yawo. Mungathe kunena kuti: "Aphunzitsi, ndaona kuti m'chaka chachiwiri cha sekondale mumaphunzitsa za mafakitale. Kodi n'kotheka kuti phunziro limodzi mwa amenewo lifotokoze kumene thonje linkachokera, ndipo ife makolo tingathandize bwanji?" Pempho lotere lili ndi malire, mphunzitsi angathe kulivomera popanda kugwetsa dongosolo la chaka chonse, ndipo ngati akana ayenera kupereka chifukwa chomveka.

Kumbukiraninso kuti aphunzitsi ambiri sanaphunzire mitu imeneyi pamene anali kuyunivesite, ndipo ena amaizemba poopa kulakwitsa pamaso pa ana ndi makolo. Choncho m'pempho lanu muikemo za maphunziro a aphunzitsi ndi zipangizo. Bungwe la The Black Curriculum, limene Lavinya Stennett anayambitsa mu 2019, limagwira ntchito ndi sukulu pa nkhani yomweyi, ndipo nyumba yosunga zolembedwa za boma ya National Archives ku Kew ili ndi zikalata zakale zokonzedwa kale kuti zigwiritsidwe ntchito m'kalasi. Msonkhano usanathe, pemphani kuti zimene mwagwirizana zilembedwe, patchulidwe amene achite chilichonse, ndipo pakhale tsiku loti mudzakumanenso teremu yotsatira kuti mudzaone silabasi yokonzedwayo.